Khofi wa Chikumbutso ndi Maliro a Bambo Anu

4 Novembala 2003

Linali Lachiwiri, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, pamene bambo anu anagwa pafupi ndi makina okazingira khofi. Ine ndinali pa tebulo langa losankhira njere, nditawafulatira. Kugwa kwawo sindinakumve chifukwa cha phokoso la mgolo wa makinawo. Chimene chinanditembenuza ndi khofi. Anali atayamba kuthetheka ngati mbuliwuli, ndipo akafika pamenepo bambo anu ankachepetsa moto nthawi zonse. Tsiku limenelo moto sunachepe. Nditacheuka ndinawaona ali pansi chammbali, kachipande kotapira njere kali m'manja.

Tinawanyamulira m'galimoto ya abwana athu, a Njoroge. Palibe amene anakumbukira kutseka gasi. Mlonda ndiye anadzaona utsi ukutuluka pa mazenera ife titapita kale, ndipo khofi amene anali mumgolo anasanduka makala. Bambo anu anatisiya masana omwewo, asananene mawu aliwonse.

Ndikulemba izi chifukwa cha iwe Yohane, amene unaika bambo ako m'manda ku Thyolo mayi ako palibe, ndi iwe Tadala, amene unali nane koma zambiri sunazione. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye ndilemba momwe ndimayankhulira.

1993

Bambo anu anaphunzira kukazinga khofi pa esiteti ina ku Thyolo. Akulu awo, alamu anga a Wilisoni, ankayendetsa galimoto ku bungwe lina la mayiko ku Nairobi kuno. Iwowo ndi amene anamva kuti a Njoroge agula makina akale okazingira khofi kwa mzungu wobwerera kwawo koma akusowa wodziwa kuwagwiritsa ntchito. Tinabwera pa basi ndi iwe Tadala, kudzera ku Songwe, Mbeya mpaka Namanga. Yohane unatsala ndi agogo ako chifukwa cha sukulu, ndipo tinkati ndi zaka ziwiri zokha.

Tinayamba kukhala ku Kibera, m'chipinda chimodzi. Chiswahili ndinachiphunzira pa mpopi, pokangana za malo pamzere. Patapita miyezi a Njoroge anati ndibwere ndizisankha khofi. Khofi wosakazinga amaoneka ngati nandolo wouma, ndipo ntchito yanga inali kuchotsa njere zakuda, zofumbwa, zosweka ndi timiyala. Munthu amene anasankhapo nyemba pa lichero sangaione yachilendo, kungoti khosi limauma ndipo maso amatuluka misozi.

A Njoroge anali munthu wa mtima wapachala koma wosasunga kanthu kukhosi. Ankakalipa m'mawa, masana n'kukugulira chapati. Ankatiseka kuti, "Mama Tadala, inu Amalawi mukapunthwa pa mwala mumaupepesa mwalawo." Bambo anu ankawayankha kuti, "Ndiye mwala umatikonda, bwana, sutipunthwitsa kawiri."

2000

Chaka chimenecho mvula inavuta ndipo magetsi ankazima tsiku lonse. Moto wa makina athu unali wa gasi, koma mgolo unkazungulira ndi magetsi. Ukaima khofi ali m'kati, njere zapansi zimapsa zapamwamba zili ziwisi. Titataya khofi kangapo, a Njoroge anaitana wowotcherera zitsulo kuti aike chogwirira chopukusira ndi manja. Mnyamata amene anamulemba kuti azipukusa anathawa sabata isanathe. Basi ndinachoka pa tebulo n'kukaima pamenepo ineyo, bambo anu akusamala moto.

Kawotchi koonetsa kutentha kanali katafa kalekale, ndipo bambo anu sankakafuna n'komwe. Ankakazinga ndi khutu ndi mphuno. Ndikupukusa, thukuta lili kamukamu, ankandiuza kuti, "Mayi a Tadala, musamayang'ane utsi, muzimvera. Akayamba kuthetheka mokweza, ndiye kuti wadzuka, chepetsani moto. Akayamba kulira pansipansi ngati udzu wouma ukupsa, ndiye kuti mwachedwa." Ine ndinkati, "Mukundiuziranji? Ine ndine wopukusa." Iwo ankati, "Khutu silipukusa, lili pa tchuthi. Lipatseni ntchito." Magetsi atabwerera ndinabwerera pa tebulo langa. Moto sindinaugwirepo ngakhale kamodzi, koma khutu linali litazolowera.

Chiyambi cha 2003

Malonda anali atalowa pansi. Masitolo akuluakulu ankatenga khofi wa makampani akuluakulu, ndipo makina athu ankayaka masiku awiri pa sabata. A Njoroge anatiuza poyera kuti chakacho chikatha chonchi atseka. Kenaka anabwera ndi nzeru yawo yomaliza. Mu Disembala dziko la Kenya linkakwanitsa zaka makumi anayi lili pa ufulu, ndipo iwo anafuna kupanga khofi wapadera wokumbukira anthu amene analowa m'nkhalango kukamenyana ndi atsamunda. Bambo awo omwe anakhalapo m'ndende ya nthawi imeneyo ndipo anatuluka akutsimphina. Anatiuza kuti m'masiku amenewo munthu wakuda kwawoko sankaloledwa kubzala khofi. Ankangothyolera mzungu. Bambo anu atamva anati, "Ndi thangata yemwe uja, bwana. Agogo anga anamugwira ku Thyolo." Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo anaitenga ngati yawo.

Khofiyo anachokera kwa amayi ena okalamba a kumapiri, cha ku Nyeri, amene amuna awo analowa m'nkhalango. Anali ndi timinda tating'ono timene anabzala ufulu utabwera. Mtsogoleri wawo anali Mama Nyambura. Amayiwo anakana kugulitsa kumene ankagulitsa nthawi zonse, n'kupereka zokolola zawo zonse kwa a Njoroge pongokhulupirira mawu. Anali matumba asanu ndi limodzi, ndipo kwina kotenga ena kunalibe. Mapaketi anali atasindikizidwa kale, okhala ndi nthambi ya khofi ndi mawu akuti Kumbukumbu, kutanthauza chikumbutso. Khofi amene anapsa tsiku limene bambo anu anagwa anali theka la thumba loyamba.

Sabata ya maliro

Siwa inali kunyumba kwa alamu a Wilisoni ku Embakasi, poti kwathu kunali kochepa. Amalawi a mu Nairobi anabwera ambiri, a m'maofesi ndi a m'mipingo, ena amene sindinawaonepo. Anaimba nyimbo zakwathu, anasonkha, ndipo anakonza zoti thupi lipite pa ndege Loweruka. Ine ndinakhala pa mphasa nditafunda chitenje, monga namfedwa amakhalira. Tadala unali pakati pa mayeso a Fomu 4. M'mawa unkachoka pa siwa maso ali ofiira kupita kukalemba, madzulo n'kubwera kudzakhala pambali panga.

Lachitatu alamu anadzagwada pafupi ndi mphasa.

"Alamu, matikiti apezeka. Inu, mwana ndi ine. Katundu wanu ndidzatumiza pambuyo pa lole."

"Obwerera alipo?" ndinafunsa.

"Kubwerera kudzatani? Mwini ntchito, mwamuna wanu, wapita. Nyumba mulipira ndi chiyani?"

"Mwanayu mayeso amutsalira a masabata awiri."

"Mayeso amabwera chaka ndi chaka. Bambo amaikidwa kamodzi."

Sananene mwankhanza. Anali atataya mng'ono wawo, ndipo anali asanagone. Koma ine ndinkadziwa kuti mayeso a kuno salembedwa ku Thyolo, ndipo zaka zonse zimene bambo anu anaima pamoto uja zinali za mayeso amenewo. Amayi a ku mpingo anati akhoza kukusunga Tadala mpaka umalize. Iwe unakana. Unati, "Amayi, mukakwera ndege inenso ndikwera. Sindingalembe ndili ndekha kuno." Ndinakuyang'ana ndipo ndinaona kuti sukunena zachibwana.

Lachinayi a Njoroge anabwera kudzapepesa. Potuluka anapempha kuti andione pakhonde. Chipewa chinali m'manja, akuchipotokola.

"Mama Tadala, si tsiku lonena izi. Mama Nyambura wamva za khofi wopsa uja. Akubwera mawa kudzatenga matumba ake. Ndafunafuna wokazinga, koma onse akufuna makina a mawotchi, athuwa akuwaopa. Matumba akapita, ndikhoma chitseko."



"Sindikukupemphani kanthu," anatero. "Ndangoti mudziwe. Kungoti chaka cha magetsi chija ndinkaona mutu wanu ukutembenuka bambo asanagwire moto."

Lachisanu

M'mawa ndinauza alamu kuti ndikufuna kukatenga jekete la bambo anu ndi kapu yawo kuntchito. Linali bodza pang'ono, poti nanenso sindinkadziwa chimene ndikachite. Ananditenga pa galimoto yawo. Titafika tinapeza kagalimoto kapikapu pakhomo, anyamata awiri akukweza thumba lachitatu. M'kati munali mukununkhabe khofi wopsa.

Mama Nyambura anali mayi wamfupi, wovala juzi ziwiri ndi nsapato zamphira za kumunda. Anaima pakati pa chipinda atagwira ambulera ngati ndodo, a Njoroge akuyankhula iye osawayang'ana. Atandiona ndi duku lakuda anati, "Pole," ndiye pepani wa kuno, kamodzi kokha, n'kutembenukira kwa anyamata aja. "Fulumirani, mvula itipeza pa njira."

Ndinayandikira. Mawu anatuluka ndisanawaganize bwino.

"Mama, ndipatseni ndowa imodzi. Ndikazinge muone."

Anandiyang'ana kuchokera ku duku mpaka ku mapazi. "Iwe ndiwe wokazinga?"

"Ayi. Ndine wosankha. Wokazinga anali mwamuna wanga."

"Ndiye ukufuna kuphunzirira pa khofi wanga?"

Alamu anamva, poti Chiswahili ankachidziwa kuposa ine. Anabwera msanga n'kunena naye mwaulemu kuti, "Mama, musawamvere, mutu wawo suli bwino. Mayiwa akunyamuka mawa kukaika amuna awo."

"Apite," anatero Mama Nyambura. "Amene ali ndi mtembo azikaika. Wanga analowa m'nkhalango ndili ndi mimba, ndipo mpaka lero sindinaone ngakhale lamba wake. Mitengo ya khofi ameneyu ndinaibzala pamalo pamene ndinamuonera komaliza. Ndabwera ndi zokolola zake kuno, mwandiwotchera theka la thumba. Anyamata, kwezani."

"Ndowa imodzi," ndinabwereza. "Ikapsa, mutenge matumba anu, ine ndikwere ndege."

Apa alamu anasiya Chiswahili n'kundiyankhula m'Chichewa, motsitsa, kuti enawo asamve.

"Alamu, mukudziwa chimene mukuchita? Mwamuna wanu sanalowe m'nthaka. Simunamete. Kwathu namfedwa sayandikira moto, saphikira anthu. Inu mukufuna kukazinga cha dziko lonse?"

"Ndikudziwa, alamu."

"Ndipo ikapanda kupsa ndowayo? Mutsala? Bokosi lifike pamudzi popanda mkazi wake? Amayi adzati chiyani? Anthu adzati munamudya ndinu. Adzati muli ndi mwamuna wina ku Kenya."

"Adzanena."

"Nanga Yohane?"

Pamenepo ndiye anandilasa. Yohane, dzina lako linandiimitsa, ndipo ndinatsala pang'ono kutenga jekete n'kutuluka. Koma ndinaganiza kuti iwe unali ndi agogo, amalume ndi mudzi wonse wokugwira dzanja. Mlongo wako anali ndi ine ndekha.

"Yohane ndi mwamuna, aima ndi inu," ndinatero. "Mundikhululukire, alamu."

Mama Nyambura sanamve mawu athu koma anaona nkhope zathu. Analoza thumba lotsegula lija ndi ambulera. "Ndowa imodzi. Yosadzaza."

Kuti munthu ayatse makina aja amayenera kuima pamalo pomwe bambo anu anagwera. Panalibe pena. Ndinavula chitenje chofunda n'kumanga m'chiuno, ndinatsegula gasi, ndipo machesi awiri anathyoka m'manja mwanga. Kachitatu moto unayaka. Alamu anatuluka panja. Ndinadikira mgolo utenthe, ndikuyesa ndi kuseri kwa dzanja monga ndinkawaonera, kenaka ndinathira njere.

Poyamba khofi amanunkha ngati udzu wonyowa, kenaka ngati buledi. Nthawi imeneyo imatalika. A Njoroge ankayendayenda kumbuyo kwanga mpaka Mama Nyambura anawauza kuti, "Khala pansi, ukundizunguza mutu." Ndinatapa ndi kachipande kaja, njere zinali zachikasu. Ndinatapanso, zinali zitayamba kufiira. Mtima unkagunda m'makutu mwakuti ndinaopa kuti sindimva kanthu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina wathetheka kale ine osamva, mwina ndi udzu wopsa uja ukubwera. Dzanja linapita pa moto kuti ndichepetse nthawi isanakwane. Ndinalibweza, n'kutsinzina.

Ndiye inathetheka njere imodzi. Kenaka ziwiri, kenaka mgolo wonse. Phokoso lomwe lija la Lachiwiri. Ndinachepetsa moto. Ndinamvera kuthethekako kukuchepa, kukutalikirana, ndipo kusanathe n'komwe ndinatsegula chitseko cha mgolo. Khofi anakhuthukira m'thireyi yoziziritsira, wofiirira mofanana, wopanda mafuta pamwamba.

Mama Nyambura anatola njere imodzi ikadali yotentha, anaiuzira, n'kuiluma ndi mano a m'mbali. Anatafuna nthawi yaitali. Anatolanso ina n'kuiswa ndi chikhadabo kuti aone m'kati. Sananene kuti ali bwino. Anangopita pakhomo n'kuuza anyamata aja kuti, "Tsitsani." Kenaka anabwerera kwa ine. "Sindichoka. Ndikhala pampando apa mpaka thumba lomaliza. Ukawotcha njere imodzi ndikuona."

Ndinapeza alamu ali m'galimoto, atagwira chiwongolero. Ndinkayesa andisiya, koma anandidikira.

Loweruka ndinaperekeza bokosi mpaka pa geti la katundu ku bwalo la ndege, pamene anthu wamba saloledwa kupitirira. Ndinapatsa alamu jekete lija kuti akakupatse Yohane. Analilandira ndi manja awiri.

"Amayi ndikawauze chiyani?" anafunsa.

"Mukawauze zoona. Ndatsala kukazinga khofi kuti mwana alembe mayeso."

"Sakamva."

"Mukawauzebe."

Anaika Lolemba. Tsiku limenelo Tadala unali m'chipinda cha mayeso, ine ndili pamoto, Mama Nyambura ali pampando wake ndi ambulera pamiyendo. Masana anatulutsa mbatata yophika m'chikwama, anaigawa pakati n'kundipatsa theka. Madzulo mayi wina wa ku mpingo, wa ku Mulanje, anandimeta kuseri kwa nyumba ndi lezala. Tinalipo atatu, iwe Tadala utagwira beseni.

Khofi wa Kumbukumbu analowa m'masitolo Novembala asanathe, ndipo tsiku la ufulu lisanafike anali atatha. Sanatilemeretse, koma chitseko sichinakhomedwe. Amayi a kumapiri analandira zawo, ndipo chaka chotsatira anatumizanso matumba. Ena mwa Amalawi a kuno anasiya kundipatsa moni kwa nthawi ndithu. Ku tchalitchi ndinkakhala benchi lakumbuyo.

2005

Ndinapita kumudzi kukamanga chiliza. Aka kanali koyamba kuona manda a bambo anu. Yohane unandilandira pa siteji utavala jekete lija, unanyamula chikwama changa, koma sunandifunse kanthu, ndipo ine sindinadziwe poyambira. Apongozi anga sanandipatse moni masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawatengera paketi imodzi ya khofi wa Kumbukumbu imene ndinasunga, ndi kuiika patsogolo pawo. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndi ameneyu anakutsekerezani njira?"

"Ndi ameneyu, amayi. Mwana wanu ndiye anamuyamba, ine ndinangomaliza."

Anauza mdzukulu wina kuti awiritse madzi. Khofiyo anali atakhalitsa, fungo litatha. Anamwa pang'ono, n'kukwinya nkhope.

"Wowawa," anatero. Koma kapuyo anaimaliza.

Sananene kuti andikhululukira, tsiku limenelo kapena lina lililonse, mpaka anamwalira. Alamu a Wilisoni ndi amene anayamba kundiimbira foni, Tadala atalowa sukulu ya unamwino. Anati, "Alamu, mwana wathu uja wandichotsa manyazi." Zakale sitinazikumbenso.

Lero

Ndinakazinga pa makina aja mpaka 2009, pamene khutu lakumanzere linayamba kugontha ndipo a Njoroge anagula makina atsopano a mawotchi. Chaka chilichonse ndinkakazinga khofi wa amayi a kumapiri ndekha. Mama Nyambura atamwalira ndinapita kukaika nawo. Anamuika kumunda kwake, m'mphepete mwa mitengo ija.

Yohane, funso limene sunandifunse pa siteji paja ndakuyankha. Ukawerenga, uchite nalo momwe mtima wako ukuuzira.

Tsopano ndimakhala ku Utawala kwa Tadala. Iye akapita ku chipatala ndimatsala ndi ana. M'mawa uliwonse ndimakazinga khofi wodzaza dzanja m'chiwaya, nditatembenuzira khutu lakumanja kumoto, ndipo akathetheka ndimachepetsa.